Chidindo cha pa Kyzyl-Art

Tinanyamuka ku Osh tambala asanalire kachiwiri,
anthu asanu ndi awiri m'galimoto ya anthu anayi,
chikwama changa padenga
chitamangidwa limodzi ndi matumba a anyezi.
Toktosun, dalaivala wa mano awiri agolide,
anasisita chiwongolero ngati khosi la bulu.
Ndi manja anandiuza kuti chakalamba,
koma njira chimaidziwa.

Tala anatha osatsanzika.
Kunatsala zigwembe zokhazokha,
miyala ikuwomba kunsi kwa galimoto, pho, pho,
mano akutafuna lilime,
mutu ukupereka moni kudenga kosalekeza.
Mayi Gulbarchyn anandikhazika mwana wawo pamiyendo
osafunsa n'komwe dzina langa,
nandifumbatitsa kambulunga ka chambiko chouma,
kowawasa, kamchere, kolimba ngati nsangalabwi.
Ndinakayamwa mpaka dzuwa kupendeka.

Pachipata choyamba anatidinda kuti tatuluka.
Chachiwiri chinali kutali, kuseri kwa mapiri ofiira,
ndipo pakatipo, pamalo opanda mwini,
tayala linati phuu.
Tinatsika. Mphepo inatisecha m'matumba onse.
Papepala sitinali m'dziko lililonse,
koma jeke inafunabe mwala woikhazika,
ndipo ine ndinakausaka,
ndikupuma mobera ngati mpweyawo ndi wa eni.

Tinafika kutada.
Ofesi yake inali kontena yadzimbiri,
mbaula ikufuka ndowe zouma,
msilikali wamng'ono, ndevu zisanagwirizane zomera,
dzina pachifuwa: Dovud.
Anatembenuza pasipoti yanga kumaso, kumbuyo,
naiyang'ana pa nyali ngati ndalama yokayikitsa.
Mali? Ndinapukusa mutu.
Maleziya? Ndinapukusanso.
Chala chake chinatsika ndi mndandanda wa maiko,
chinakwera, chinatsikanso.
Kwathu kunalibe.

Ndinajambula Afirika pafumbi la tebulo lake
ndi kubaya kadontho kumunsi, chakudzanja lamanja.
Anayang'anitsitsa kadonthoko nthawi yaitali,
kenaka anandithirira tiyi m'kapu yake yomwe.

Wamkulu wawo atadzutsidwa
anabwera atafunda bulangeti, nsapato zosamanga,
nalemba dzina langa m'buku lalikulu
ndi zilembo zomwe sindingaziwerenge.
Chidindo chinali chitauma ndi chisanu.
Dovud anachiuzira mpweya wa m'kamwa, haa, haa,
nachikanikiza ndi manja onse awiri.
Chinatuluka theka lokha:
tsiku likuoneka, dziko losaoneka.

Panja Toktosun anali ataliza kale hutala kanayi.
Mwana uja anali m'tulo, dovu lili pa jekete yanga.
Anyezi ananunkha usiku wonse mpaka ku Murghab,
kumene ndinatsika miyendo ili ya munthu wina.

Pano ndikatsegula tsamba limenelo
ndimaona kachizindikiro kotumbuluka, kopendama,
ndipo msana umayamba wakumbuka, mutu n'kutsatira.
Tebulo lija mwina analipukuta m'mawa mwake.
Mwinanso ayi.