Kamlonda ka M'thumba

Ndinakapangira pa Lizulu, kuseri kwa okala ya a Nabiyeni,
usiku wina magetsi atakumbuka kuti tiliko,
laputopu ili pa thumba la kachewere.
Ntchito yake inali imodzi:
kuyang'anira chikwama cha achimwene anga a Zakeyu
m'kaundula uja wa bulokucheni
wosasungidwa mu ofesi ya munthu aliyense,
n'kulira ndalama ikasuntha.
Ngii! za ku Joni zafika.
Ngii! wina watapako.

Lero okagwiritsa ntchito akwana mazana atatu
ndipo aliyense akukakokera kwake.

Likisina wa kabichi akuti kazilankhula Chichewa,
kazifika ndi pa kafoni ka mabatani,
poti bandulo imatha msika usanathe.
Aphunzitsi a ku Mlanda akuti kaphunzire kununkhiza akathyali,
kazikumbukira chikwama chija
chinameza za anthu makumi anayi tsiku limodzi,
kazichenjeza chala chisanadine,
osati kudzalira maliro chitadina kale.
Zonsezi ndalemba m'kope.
Ndizichita, netiweki ikalola.

Koma dzulo kunabwera bambo wa jekete lachikopa.
Anagula tiyi wa tonse awiri
nandikankhira kapepala ka manambala ndi zilembo.
Akuti ichi n'cha mkazi wanga.
Akalandira ndizimva, akatulutsa ndizimva.
Tchula mtengo, mwana iwe.

Msewu wathuwu, uku Malawi, uko Mozambiki,
anthu amawoloka ndi tomato pamutu
osaona mzere uliwonse.
Kamlonda kanga nako sikaona mzere.
Sikasiyanitsa kulonda ndi kusuzumira.
Kaundula ndi wapoyera, sindikukana,
koma zovala za eni zikayanikidwa pa chingwe
sitiima n'kumaziwerenga.

Tiyi anazizira m'kapu.
Bamboyo anakwera minibasi ya ku Dedza osatsanzika,
kapepala anakasiya.
Ndakulungira mtedza.

Usiku uno chifunga chatsika m'mapiri
mpaka pa mabenchi opanda anthu.
Zala zauma ndi mphepo
koma ndalemba mzere woyamba wa mawa lake:
kasanayambe kulonda chikwama
kaziyamba kaodira,
mwini wake ayankhe yekha kuti lowani.
Ena andithawa, ndikudziwa.
Mwina atsala zana limodzi.

A Zakeyu sanatumize mwezi uno.
Foni ili phee pa thumba la kachewere.
Ndikanatha kutsata ndalama zawo khomo ndi khomo
mpaka kumene zagona,
koma ndatseka laputopu.
Mawa ndigula mayunitsi, ndiwaimbire,
ndiwafunse ngati adzuka bwino.