Owonera Makumi Anayi ndi Awiri

Magetsi akabwerera ku Mabvuku pakati pa usiku
mchemwali wanga Ndaziona amakhoma bulangete pazenera
kuti agalu a kwa neba asamveke,
kenako amasanduka kadzidzi wa maso obiriwira.
Akaphethira, kadzidzi amaphethira pa sikirini.
Akatsokomola fumbi la simenti, nayenso amatsokomola.

Kampani yake ili ndi zidole zitatu basi,
ofesi ndi kachipinda kuseri kwa butchala.
Ya ku Borrowdale ili nazo makumi awiri,
atsikana a makutu a mphaka, tsitsi lapinki,
jenereta yosagona tulo.
Dzulo mmodzi anangoyasamula,
anthu zikwi zisanu ndi zinayi anaponya timitima.

Ine ndimawerengera. Ndi matenda anga.
Ndili ndi kope lakale la masamu,
uku Borrowdale, uku ife,
mzere wathu ukukwawa ngati nkhono pakhoma la bafa.

Ndinamukakamiza: tapitako, akufuna mawu atsopano.
Anakwera makombi awiri.
Anamupatsa pepala: seka apa, dabwa apa,
Chichewa ayi, chimathawitsa otsatsa malonda,
ndipo nkhope ndi yathu,
ukachoka udzaisiya pakhomo ngati yunifolomu.
Anabwerako ndi sikono m'chikwama, mutu ukuwawa.

Sindikunena za chikomekome cha mkuyu.
Kumeneko aliko mmodzi, wa michira iwiri,
akamaseka ndimaiwala kope langa.
Kadzidzi wathunso amatopetsa masiku ena,
mphindi khumi kukangana ndi maikolofoni.

Koma Lachinayi anatenga chiphaso chakale cha bambo,
chija analembapo kuti mlendo
pamene mchombo wawo unagwera pa Tafara pomwepa.
Anawerenga pang'onopang'ono, nambala ndi nambala.
Mawu ananjenjemera, mlomo wa kadzidzi unanjenjemeranso,
makina sadziwa kubisa zimenezo.
Wina analemba ali ku Joni: bambo anganso.
Wina ku Mufakose anatumiza dola imodzi
n'kupepesa kuti yachepa.

Kenako thii, magetsi.
Kadzidzi anauma kukamwa kuli yasa.
Ndinayang'ana pa foni yanga ya galasi losweka:
makumi anayi ndi awiri,
onse ali phee kudikira mbalame youma.
Mphindi zisanu, palibe wachoka.
Khumi.

Ndinayatsa kandulo, ndinatsegula kope.
Cholembera chinazungulira pamwamba pa mizere iwiri ija
kufuna potera.
Kuchipinda Ndaziona anaminitsa mphuno,
n'kufunsa ngati bandulo yatsalako.