Mkuyu wa Bambo Scarcella

Nyumbayi tinaigula mu Januwale, ku Hamilton,
pamodzi ndi chinthu china kuseri kwa khitchini,
chachitali kuposa mwamuna wanga,
chokulungidwa m'kapeti yakale ndi lona wabuluu,
zingwe m'chiuno, zingwe m'khosi,
chidebe chachitsulo chitavundikira kumutu.
Mwana wanga Oriane ankakana kutulukira khomo lakumbuyo.
Ankati muli munthu.

Pakati pa Malichi dzuwa linamwetulira masiku anayi.
Chipale chinasungunuka, madenga ali dontho, dontho,
ine mpeni m'manja, ulendo wokadula chingwe choyamba,
pampanda wina n'kutsokomola.
Bambo Fiorenzo Scarcella, amene anatigulitsa nyumba,
anali atakwera mabasi awiri kuchokera kumene ana awo anawatula,
nsanjika yachisanu ndi chinayi,
kopanda dothi ngakhale lodzaza chikhatho.
Bwezani mpeniwo, anatero.
Dzuwa la Malichi ndi kamberembere wovala taye.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse anali pampanda.
Khofi ankakana. Ankagwada movutikira,
kupisa zala m'nthaka, kununkhiza, kupukusa mutu.
Musamafunse masana, ankatero, masana amanama.
Funsani usiku.
Ikani mbale ya madzi pakhonde:
ikagona sabata yathunthu osachita khungu la ayezi
ndiye tiyambe kukambirana.

Anandiuza za chaka chimene anafulumira.
Mphukira zitangosuzumira, chisanu chinabwerera usiku umodzi wokha,
m'mawa zonse zili bii ngati zawauka ndi moto.
Mtengo unafa mpaka m'tsinde,
zaka ziwiri osalawa nkhuyu.
Za chaka chimene anachedwa sanafune kunena zambiri.
Assunta anali m'chipatala, masiku anasokonekera,
anakumbukira Meyi akutha.
Anapeza chuku, thukuta, mbewa zitadya khungwa kuzungulira,
timasamba toyera ngati nkhope ya wodwala
titamera mumdima, tikufunafuna potulukira.
Fulumira adadya gaga, ndinatero ine, kuyesa nzeru.
Anandiyang'ana.
Nanga wochedwa adadya chiyani?

Sabata yachiwiri ya Epulo tinangovula chidebe,
kuti upume.
Sabata yotsatira, lona.
Kapeti inatsala, ikununkha galu amene sindinamuonepo.
Kenako maluwa achikasu a pampanda wa Mayi Halyna anayoyoka,
mbale ya pakhonde inagona masiku asanu ndi anayi ili madzi okhaokha,
ndipo kunacha kwa mitambo, kopanda mphepo.
Lero, anatero. Dzuwa lisauone uli maliseche,
khungu lake lazolowera mdima.

Chingwe sitinadule. Anamasula mfundo imodzi imodzi
ndi zala zonjenjemera,
poti mfundozo anamanga yekha mu Novembala
akudziwa kale kuti nyumba yapita.
Masamba ouma anakhuthuka ngati m'thumba lobooka.
Nthambi zinatambasuka pang'onopang'ono,
zotuwa, zopanda ulemerero,
Oriane n'kukhumudwa: Ndi ndodo basi?

Mkuluyo anagwira chala cha mwanayo,
kukanda khungwa ndi kachikhadabo kake.
Pansi pake, biriwiri.
Anakandanso pamwamba: pouma, pa mtundu wa dothi.
Apa chisanu chatenga msonkho wake, dulani.
Anakandanso, kutsika, kutsika,
mpaka kubiriwira kunabwerera,
ndipo ndinamva akutulutsa mpweya
umene mwina anausunga kuyambira Novembala.

Mtengowu unabwera kuchokera ku Calabria
uli kamtengo kotalika ngati pensulo,
m'sokosi yonyowa, m'thumba la jekete.
Anandiuza akupinda kapeti, osandiyang'ana.

Bulangete likhale pafupi ndi chitseko mpaka Meyi apite pakati,
wailesi ikanena chisanu, thamangani, ngakhale pakati pa usiku.
Zingwe musataye.
Kenako anapempha mpeni uja,
kudula kanthambi kamodzi kamoyo,
kukakulunga m'nyuzipepala yonyowa.
Zenera langa limaona kum'mwera, anatero,
n'kuyang'ana wotchi.
Basi ya folo koloko sidikira munthu.