Hamala Yanga Imamva

Ndimadzuka nkhuku zisanatsike m'mitengo,
chifukwa dzuwa la ku Tengani limatuluka ndi mano.
Gawo langa ndi makilomita asanu ndi awiri,
kuyambira pa mlambe wong'ambidwa ndi mphenzi
mpaka pa kamlatho ka mtsinje wa mchenga wokhawokha.
Ndimagogoda bawuti aliyense.
Wamoyo amayankha kuti ngwee,
wodwala amati phwa, ngati m'phika wa mng'alu.

Mu Okutobala chitsulo chimatopa kugona chowongoka,
chimafuna kudzipinda ngati njoka yopondedwa mchira.
Mu Januwale madzi otsika ku Chididi
amadya dothi pansi pa mitanda mwakachetechete,
njanji n'kutsala lendelende,
yokongola pamwamba, pansi mphako.

Ndiye pamadutsa matanki.
Ndimawawerenga: makumi awiri ndi anayi,
akuda, otupa mimba ngati mvuu za m'dambo la Ndindi,
m'nthiti mwawo chithunzi cha lawi lofiira
ndi malemba a Chipwitikizi amene sinditha kuwerenga.
Akapita, fungo limatsala pa malaya anga mpaka madzulo.

A Likongwe a ku ofesi anabwera ndi tepi yoyezera.
Anati lamulo likuti moto ukhale kutali mapazi zana.
Tinakoka tepi ija tonse awiri.
Mapazi zana anathera pakati pa mafuwa a mai Nsaiwa,
amene amawamba mlamba pamenepo
chichokere kudimba chaka chimene Shire anawalanda nyumba.
Mai Nsaiwa anayang'ana tepi, nayang'ana nsapato za a Likongwe,
nafunsa kuti, kodi lamulolo labwera ndi malo?
A Likongwe analemba kanthu m'buku.
Chikwangwani chimene anazika tsiku lomwelo
ndinachipeza patatha sabata, chili mbaula.

Ndinawafunsanso ine: likadzayaka, adzazimitsa ndani?
Anati galimoto ya ozimitsa moto ilipo.
Ilipodi, kuseri kwa mapiri uko.
Ife tili ndi mjigo umodzi wolira ngati mbuzi
ndi ndowa zobooka.

Lachinayi lina madzulo ndinapeza mabawuti anayi atachoka,
mabowo ali yasa ngati chibwano cha nkhalamba.
Wina anali atawafunira ngolo yake.
Foni inalibe moto.
Ndinathamanga ndi nyali yofiira mpaka pa khona,
ndinaima pakati pa njanji, mawondo akugundana,
mpaka chilombo chija chinalira, n'kukwekwereza mapazi,
n'kuima pafupi moti kutentha kwake kunandilawa pamphumi.

Sitima itaima usiku, mudzi umamva.
Anatuluka ndi zigubu, mabeseni, mabotolo a kachasu,
wina ndi paipi pa phewa.
Panali tanki imodzi yodontha kumbuyo,
dontho, dontho, pa miyala yotentha.
Woyendetsa anakuwa m'Chisena, ine m'Chimang'anja,
koma mtengo wa mafuta pa Nsanje umakuwa kutiposa.

Kenako ndinaona kamoto kakuyenda m'gulumo,
koloboyi, atamutchinga ndi chikhatho kuti mphepo isamuphe.
Ndinalumpha mitanda itatu kamodzi.
Ndinagwira lawi ndi dzanja,
ndinalifinya ngati nsabwe.
Mdima utabwerera ndinamva mawu:
Baba, ndine Fulanjisi, ndimafuna ya fizi.

Chipsera chili apa, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.
Mu lipoti analemba kuti sitima inachedwa maola awiri
chifukwa cha vuto laling'ono la pa njanji.
Nkhani ya koloboyi sindinaiuze a Likongwe.
Fulanjisi salankhula nane kwambiri masiku ano,
koma Loweruka amanditsata kumbuyo atanyamula sipanala,
ndipo dzulo, pafupi ndi kamlatho,
anaima, napendeketsa mutu,
nati, Baba, bwererani, uyu wati phwa.