Mpando wa Heber

Lachiwiri, mphepo yozizira ikuchokera kudoko la Montevideo,
Mayi Nélida Arrospide anaimika galimoto pakhomo pa galaja yanga,
yakuda, yaitali, ya zaka makumi atatu.
Anaiyendetsa atakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando,
pilo ali kumsana, zala zakuphazi zikungokhudza buleki.
"Wogula abwera Loweruka," anatero.
"Akuti mipando ikuoneka yotopa."

Ndinaikankhira pamthunzi.
Chikopa chotentha chimamwa mwaphuma
kenako n'kuchita mawanga.

Choyamba ndi fumbi.
Makina anga anayamwa m'misoko monse:
mchenga wa ku Pocitos,
khobidi losagulanso kanthu,
pini ya tsitsi,
ndi mpunga, mpunga, mpunga wouma gwa,
umene anthu ankawaza akwati pakhomo pa tchalitchi
zaka zonse zimene Heber ankawanyamula.

Kenako madzi ofunda, sopo wofatsa,
burashi ya ubweya wa kavalo.
Ndimayesa kaye pansi pa mpando, posaoneka,
chifukwa sudziwa chokwiyitsa chikopa
mpaka utachikhudza.
Mozungulira, pang'onopang'ono, osanyowetsa kwambiri,
thovu loyera limasanduka lotuwa,
nsalu n'kunyamula zaka zija
n'kukazifinyira m'ndowa.

Mipando yakumbuyo sinavute.
Akwati sakhalitsa.
Amasiya paudala, kadontho ka vinyo,
basi, atsika.

Koma mpando wa woyendetsa!
Unali ndi chidikha cha msana wa munthu,
phewa lamanzere litatsamira kuzenera,
kuda kwa thukuta pamene pankagona khosi,
ndi banga lobiriwira kutsogolo
pamene chikho cha tiyi wake wowawa chinatayikira.
Ming'alu yake inali ngati dambo la ku Tacuarembó
chaka chimene mvula inakana.

Bambo anga ankasenda ng'ombe kumeneko.
Ankati ng'ombe ikafa chikopa sichimva uthengawo msanga,
chimapitirizabe kumva ludzu.
Ndinali mwana, ndinaseka.
Lero ndimadya ndi mawu amenewo.

Chitauma, ndinatsegula chitini cha mafuta.
Amapita pansalu, osati pampando,
pang'ono chabe, ngati odzoza pamphumi pa khanda.
Ndinasisita kuyambira kukhosi kutsikira m'chiuno,
m'mphepete mwa ulusi, m'makwinya,
ndipo chikopa chinamwa mwakachetechete
n'kuyamba kufewa pansi pa chikhatho changa.

Mayiwo sanapite kunyumba.
Anakhala pa ndowa yovundikira, chikwama pamiyendo,
akuyang'ana dzanja langa.
"Umu ndi mmene ndinkamudzozera kuchipatala,"
anatero, osati kwa ine kwenikweni.
"Nayenso anauma msana."

Ndinati tidikire mafuta alowe.
Basi ya ku Cerro inadutsa kawiri.
Wogulitsa nyuzipepala anatseka kanyumba kake.

"Chidikhacho mungachichotse?"
Ndinati inde. Nthunzi, siponji yatsopano,
pofika mawa madzulo mpando ukhala wosadziwa munthu.
Ndinatchula mtengo wake.
Anatsegula chikwama, anachitsekanso.
"Ming'alu nayo?"
Ming'alu ayi, mayi. Mafuta saibweza,
amangoiletsa kupitirira.

Ndinapukuta otsala ndi nsalu youma
kuti asadzadetse chovala cha wokhalapo.
Chikopa chabwino sichinyezimira ngati galasi,
chimangooneka ngati chagona bwino.

Anaimirira. Anachotsa pilo uja,
anandipatsa ine ngati ndi wanga.
Analowa, anatsamira msana wonse m'chidikha chija,
ndipo mapazi ake analendewera m'malere.
Anakhala choncho nthawi yaitali ndithu.
Kenako dzanja lake linafufuza pansi pa mpando,
linapeza kachitsulo kamene palibe anakakhudzapo
chigulireni galimotoyo.
Kanakana. Anakoka kachiwiri.
Njanji zadzimbiri zinalira kwii,
mpando unasendera kutsogolo.

Za Loweruka sanatchulenso,
inenso sindinafunse.
Ndinangowauza kuti abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi,
ndipo asamaiimike padzuwa.

Pilo uja alipobe pashelufu,
pafupi ndi chitini cha mafuta.