Wokonza Mawailesi M'chipinda cha Sikani

Ine ndimakonza mawailesi pa Lizulu,
pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi ogulitsa kabichi.
Kanema akamaonetsa mchenga wokhawokha
ndimadziwa: mlongoti wapindika,
kapena khoswe walawa waya.
Ndiye Lachiwiri lija pachipatala cha Ntcheu
nditaona mchenga womwewo pagalasi
dzanja linapita lokha m'thumba kufuna sikuludiraiva.

Nanyoni ali chagada, chitenje chotsitsa,
mafuta ozizira pamimba, tsemwe mpaka m'khosi.
Anzake pachigayo anamuuza kuti makinawa amawauka mwana.
Inenso, kunena zoona, sindinagone.

Mayi Kadzakumanja anayendetsa kachitsulo kawo pang'onopang'ono
ngati wofuna siteshoni yakutali usiku.
"Muno mulibe moto, bambo. Ndi mawu chabe,
opyapyala, khutu silingawamve.
Simunakuwepo m'tsinde mwa Chirobwe muli mbusa?
Phiri limakubwezerani mawu anu.
Fupa limabweza kwambiri, n'chifukwa chake layera.
Madzi sabweza kanthu. Mdimawu ndi madzi,
ndipo alipo okwanira."

Ndinayang'anitsitsa. Mchenga.
Kenako msana, mikanda yoyera yotungidwa bwino.
Mutu. Anaupima uku ndi uku,
nati masabata makumi awiri ndi limodzi.
Kenako kanthu kakuphethira pakati pa mdima,
phethi, phethi, phethi,
kopanda batire, kopanda waya amene ndinalumikiza ine.

Ndinafunsa zimene ndinabwerera:
ndi wa buluku kapena wa diresi?
Mwanayo anali atapinga miyendo.
Nanyoni anaseka mpaka chithunzi chinagwedezeka.

Koma mayi aja anakhalitsa pamalo amodzi.
"Nsengwa yakhala m'munsi, pafupi ndi khomo.
Kawirikawiri imakwera mimba ikamakula.
Mubwerenso mwezi wachisanu ndi chitatu tidzaone.
Mukaona magazi, ngakhale dontho,
musadikire kunja kuche."
Analemba m'buku, natsindika kawiri.

Chinthu chokhala posayenera, ine ndimatsegula n'kusuntha.
Ichi sichitsegulidwa.

M'minibasi tinakhala chete mpaka pa Mlangeni.

Tsopano m'wailesi yakufa ya kasitomala amene sanabwerenso,
m'malo mwa mabatire,
ndimapindiramo ndalama za galimoto ya usiku.
Tikazima nyali ndimaika khutu pamimba pa Nanyoni,
kusuntha pang'ono, kusunthanso.
Ndimangomva kachewere wa madzulo akulira.
"Wagwira siteshoni?" amafunsa.
Ndimati ayi, koma ikuulutsa.