Sikisi Poyinti Wani

Dzulo ndinagona ndi njala dala,
tiyi ndinamwa wowawa ngati khungwa la nimu,
ndimati ndiwapusitse a ku labu.
Lero pepala lili pa tebulo la a Kachiwanda,
chala chawo chaima pa nambala:
6.1

"Awa si mayeso a dzulo, bambo Mphonde.
Shuga amakanirira ku maselo ofiira a magazi
ngati utomoni wa fodya m'zala.
Maselowo amakhala miyezi itatu asanafe,
ndipo akafunsidwa amaulula zonse."

Ndiwerenga chammbuyo.
Epulo ndinali m'chigafa ku Santhe, kusankha masamba usiku,
masupuni anayi m'kapu, kawiri tambala asanalire.
Meyi ndinagona pa Chinkhoma kudikira mabelo atsike mu lole,
mabanzi ndi fanta, masiku asanu ndi anayi.
Juni ndalama zinalowa,
ndinagula njinga yamoto, yakapalasa ndinapatsa mlamu.
Zina za Juni musandifunse.

"Ndiye kuti ndadwala?"
Mawu atuluka aang'ono, ngati si anga.
Ndikuona malume Zefaniya pa mkeka,
phazi lawo lotsala zala zitatu.

A Kachiwanda ajambula mizere iwiri kuseri kwa pepala.
"Pansi pa 5.7 palibe nkhani.
Kuyambira 6.5 timati ndi matenda.
Inu muli pakatipa."
Andifunsa ngati magazi anandichepapo,
ngati malungo anandigwetsa posachedwa,
akuti zoterozo zimanamiza nambala.
Ndati ayi. Ndikanakonda nditati inde.

Pakatipa ndimapadziwa.
Ndi belo lomwe wogula sanalibweze,
koma anaima nthawi, dzanja lili m'kati,
nanunkhiza tsamba, nayang'ana dzina langa pa chikwangwani.
Belo lotero umakalimasula kunyumba,
umasankhanso.

Mapiritsi sanandipatse.
Akuti ndiyende mpaka thukuta, ndichulutse ndiwo zamasamba,
lamba abwerere bowo limodzi kapena awiri,
ndidzabwerenso mu Okutobala
maselo atsopano akadzakhala ndi zawo zonena.

Kunja phiri la Kasungu lili pomwe ndinalisiya.
Mtsikana wa mafirizi akugogoda bokosi lake,
wandidziwa, watulutsa kale ofiira awiri.
Ndagula mtedza wa handiredi.
Wandiyang'ana ngati ndamubera.

Njinga yamoto ndinaisiya kwa makanika ku depoti.
Wakabaza akundiitana, "Abwana, tiyeni!"
Ndakweza dzanja kukana,
ndipo ndayamba kuwerenga mapazi,
m'magazimu kalaliki atatsegula tsamba latsopano.